Charles Belcher, jaji amene anaika mbalame za dziko lino m'buku limodzi

Mwana wa ku Lirangwe safuna buku kuti adziwe pumbwa. Amamumva m'mamawa akulongolola mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba, amamuona akujompha papaya lakupsa, ndipo akasinkhuka pang'ono amayamba kumuzembera ndi legeni. Dzinalo analimva kwa agogo ake, omwe nawonso analimva kwa makolo awo. Koma mwana yemweyo akafika kusekondale n'kufuna kudziwa dzina la pumbwa m'Chingerezi, amapeza kuti mabuku sakumvana. Buku lakale la kumwera kwa Africa limati Black-eyed Bulbul. Latsopano la komweko limati Dark-capped Bulbul. Ena amangoti Common Bulbul. Mbalameyo ndi yomweyo, kulira kwake n'komweko, koma maina atatu.

Kusamvana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo m'dziko muno mbiriyo siingafotokozeke popanda kutchula Sir Charles Frederic Belcher, loya wa ku Australia amene anali jaji wa bwalo lalikulu la milandu ku Blantyre kuyambira 1924 mpaka 1927. Mkuluyu ndiye analemba buku loyamba lofotokoza mbalame za dziko lino lokha, The Birds of Nyasaland, lomwe linatuluka ku London m'chaka cha 1930.

Belcher anabadwa pa 11 July 1876 ku Geelong, tauni ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Victoria. Bambo ake, George Frederick Belcher, anali munthu wodziwika m'tauniyo ndipo anakhalapo m'nyumba ya malamulo ya chigawocho. Mnyamatayo anaphunzira pa Geelong Grammar School, kenaka m'chaka cha 1894 analowa Trinity College pa yunivesite ya Melbourne komwe anachita zamalamulo. Analoledwa kugwira ntchito ya uloya m'chaka cha 1902. Patatha zaka zisanu anapita ku London kukapitiriza maphunziro ku Gray's Inn, ndipo mu 1909 analandiridwa ngati loya wa makhothi a ku Mangalande.

Koma uloya sunali wokha mumtima mwake. Mu 1901, asanayambe n'komwe kuimira anthu pamilandu, anali kale mmodzi mwa oyambitsa bungwe la akatswiri a mbalame la ku Australia ndi New Zealand, lomwe pambuyo pake linadziwika kuti Royal Australasian Ornithologists Union. Buku lake loyamba, lomwe linatuluka mu 1914, linali lonena za mbalame za kwawo ku Geelong. Zaka ziwiri bukulo lisanatuluke, katswiri wina wa ku Australia, Gregory Mathews, anali atatcha kale mbalame ina ya panyanja dzina la Belcher. Ndi kambalame kotuwa kouluka pamwamba pa mafunde a nyanja zozizira za kumwera kwa dziko lapansi, ndipo mpaka lero dzina lake la Chilatini ndi Pachyptila belcheri. M'Chingerezi, komabe, kamatchedwa Slender-billed Prion, kutengera kuwonda kwa mlomo wake. Ulemu woyamba umene Belcher analandira unabisala choncho m'chinenero chomwe anthu wamba sachiwerenga.

Chaka chomwecho cha 1914 analowa ntchito ya boma la atsamunda ndipo anatumizidwa ku Uganda. Anadutsa ku Zanzibar ndi ku Kenya ngati woweruza, ndipo mu 1920, ali ndi zaka 44, anafika ku Nyasaland kudzakhala loya wamkulu wa boma. Anapeza dziko lomwe linali lisanapole mabala a kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 ndi a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe inatenga amuna ambirimbiri kukasenza katundu wa asilikali. Paudindowo anakhalapo mpaka 1923 pansi pa bwanamkubwa Sir George Smith ku Zomba, kenaka anakwezedwa kukhala jaji ku Blantyre.

Kwa munthu wokonda mbalame, Blantyre wa masiku amenewo anali ngati nkhokwe yosatseka. Pamwamba pa mapiri a Ndirande ndi Soche panali nkhalango zowirira zosayoyola masamba. Kutsika pang'ono kunali tchire la mitengo ya mombo ndi masuku monga lomwe likuonekabe m'phiri la Michiru. Kuseri kwa Michiru, kumene lero kuli bwalo la ndege la Chileka, dziko limayamba kutsetsereka n'kumatentha, ndipo munthu akamafika cha ku Lirangwe amayamba kuona milambe, chizindikiro choti chigwa cha Shire chayandikira. Bwalo la ndegelo kunalibe nthawi ya Belcher, ndipo njanji ya ku Salima yomwe imadutsa pa Lirangwe inadzatha mu 1935. Umene unalipo ndi msewu wakale wa ku Matope, womwe amtengatenga ankayendamo ndi katundu wa kampani ya Mandala polambalala mathithi a mtsinjewo. Paulendo wa tsiku limodzi, munthu ankatha kuchoka kwa mbalame za m'nkhalango yozizira n'kukagona kwa mbalame za kuchigwa, zomwe sizionana ndi zinzake za kuphiri moyo wawo wonse.

Belcher anali wa m'badwo womwe unkakhulupirira kuti mbalame imadziwika bwino ikakhala m'manja. Kunalibe mabuku a m'thumba a zithunzi zamitundumitundu monga a lero, ndipo makamera a nthawiyo sakanatha kujambula kambalame kobisala m'ziyangoyango. Choncho mbalame inkaomberedwa ndi mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono, n'kuisenda mosamala, chikopa chake n'kuchiika thonje mkati, ndipo kumwendo ankamangirirako kapepala kolembapo malo ndi tsiku. Iye ankakonda kwambiri zisa ndi mazira. Dzira ankaliboola kabowo kamodzi, n'kutulutsa zamkati, chikhokho chake n'kuchisunga m'bokosi. Akuluakulu amati timba sachepa ndi mazira ake, ndipo kwa anthu a mtundu wa Belcher mwambiwu unali woona m'njira yomwe eni ake sanaiganizire: ngakhale dzira la kambalame kochepetsetsa linali ndi mtengo wake pamaso pawo, makamaka ngati palibe Mzungu wina amene analilembapo kale.

Zikopa zokayikitsa zinkatumizidwa ku London, kunyumba yosungirako zachilengedwe ya British Museum, komwe akatswiri ankaziyerekeza ndi zina zomwe zinafika kale. Zikapezeka kuti n'zachilendo, katswiri ankalemba kafotokozedwe kake m'magazini ya akatswiri anzake n'kupereka dzina la Chilatini. Dzina lotere lili ndi mbali ziwiri, ngati mmene munthu amakhalira ndi mfunda komanso dzina lakelake: liwu loyamba ndi la fuko lonse la mbalame zofanana, lachiwiri ndi la mtundu umodziwo. Nthawi zina pamabwera liwu lachitatu losonyeza nthambi ya mtunduwo yopezeka kudera linalake. Maina amenewa ali ndi malamulo okhwima, ndipo lalikulu mwa iwo ndi loti dzina lomwe linasindikizidwa poyamba ndilo limakhala, ngakhale litalembedwa mopotoka. Maina a Chingerezi analibe lamulo lotere. Wolemba buku aliyense ankasankha lomwe lamukomera, ndipo panalibe bwalo lokasumako. Belcher, yemwe masana ankagamula milandu potsata malamulo olembedwa, madzulo ankagwira ntchito m'munda momwe munalibe woweruza.

Pamene ankafika, mbalame zambiri za dziko lino zinali zitasenzetsedwa kale maina a Azungu amene anamutsogolera. Nkulukulu yobiriwira ya m'nkhalango za kumapiri inatchedwa Livingstone's Turaco, pokumbukira Charles Livingstone, mng'ono wake wa David, osati mmishonale wotchukayo monga ambiri amaganizira. Alexander Whyte, wa ku Scotland yemwe anabwera ndi Harry Johnston mu 1891 kudzayang'anira zasayansi, anatumiza zikopa zochuluka kwa George Ernest Shelley ku London, ndipo Shelley anamubwezera ulemu ndi Whyte's Barbet. Whyte yemweyo ndiye ali m'dzina la mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, womwe ndi mtengo wa fuko lino. Alfred Sharpe, bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland, ali ndi Sharpe's Greenbul.

Banja lomwe linakolola kwambiri ndi la a Sclater. Bambo wa banjalo, Philip Lutley Sclater, anali mlembi wa Zoological Society of London kwa zaka zoposa 40. Mwana wake Bertram, msilikali wodziwa zomangamanga amene analambula misewu kuno m'masiku a Johnston, anapatsidwa Bertram's Weaver, mtundu wina wa atchete. Mlongo wake Lilian anapatsidwa kachinkhwe kobiriwira kofiira kumaso ka m'mitengo ya tsanya ku Liwonde, komwe Shelley anakalemba mu 1894. Kambalameka kwa zaka zambiri kankatchedwanso Nyasa Lovebird, koma dzina la Lilian's Lovebird ndilo lafala. Mchimwene wawo, William Lutley Sclater, ndiye anali katswiri wamkulu wa mbalame za mu Africa ku British Museum m'zaka zomwe Belcher anali kuno, ndipo anasanja mndandanda wa mbalame za kumwera kwa chipululu cha Sahara, Systema Avium Aethiopicarum, womwe unatuluka m'magawo awiri, mu 1924 ndi mu 1930.

Pamndandanda wa olemekezedwawo akusowapo anthu amene ankadziwa tchire. Panali wina amene ankatsogolera njira, wina wokwera mumtengo kukatsitsa chisa, wina wotha kusiyanitsa kulira kwa mwiyo ndi kwa mbalame inzake ali chogona m'msasa. Popanda anthu amenewa, jaji wobadwira ku Geelong sakanapita patali m'nkhalango ya Thyolo. Dongosolo la nthawiyo silinkawawerengera ngati odziwa, koma ngati antchito. M'zaka zomwezo, lamulo la nyama zakutchire la 1926 linachepetsa ufulu wa eni dziko wosaka nyama m'njira za makolo awo, ndipo linadzetsa madandaulo kuchokera kwa amishoni ndi mabungwe a anthu akuda. Panadutsa nthawi kuti dzina la munthu wa kuno lilowe m'mabuku a sayansi ya mbalame. Constantine Walter Benson, yemwe anabwera kudzagwira ntchito ya boma mu 1932, anayenda zaka zambiri ndi Jali Makawa, mlenje wa maso akuthwa ndi khutu lakumva, ndipo mu 1945 anatcha nthambi ina ya mbalame yotchedwa Olive Bushshrike dzina loti makawa. Ngakhale apo, ulemuwo unathera m'Chilatini.

Chaka chomwe Belcher anachoka m'dziko muno, 1927, ndicho chinamanga dzina lake ku phiri la Thyolo. William Sclater analemba za mbalame ziwiri zachilendo zochokera m'nkhalango ya phirilo. Yoyamba inali yobiriwira modera, yakuda kumutu, ya mlomo wonenepa, yokonda nkhuyu, yomwe imalira mobwerezabwereza pamwamba pa mitengo italiitali. Imeneyi anaitcha belcheri. Yachiwiri inali yofiirira kumsana, yoyera pakhosi, yokhala pansi mumthunzi, yomwe imatsatira linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa gulu lankhondolo. Imeneyi anaitcha Alethe choloensis, potengera dzina la phirilo monga Azungu ankalilembera, Cholo. M'Chingerezi inakhala Cholo Alethe.

Buku la Belcher linatuluka iye ali kale kutali, patatha zaka zitatu chichokereni. Mutu wake wonse ukunena zomwe zili mkatimo: mndandanda wosanjidwa bwino wa mitundu ya mbalame yomwe inali italembedwa mu Nyasaland kufikira 1930, kafotokozedwe kachidule ka mtundu uliwonse, zomwe zinaonedwa kutchire, ndi mapu. Bukuli lisanabwere, wofuna kudziwa mbalame za kuno ankayenera kufufuza m'magazini ya The Ibis, momwe munali malipoti a Shelley, kapena m'buku la Johnston la 1897 lonena za British Central Africa. Zinthu zotere mlimi wa fodya ku Lunzu kapena mmishonale wa ku Domasi sakanazipeza. Belcher anaziika pamodzi, n'kuonjezapo zomwe anaona yekha m'zaka zisanu ndi ziwiri. Apa ndi pomwe pali mphamvu ya buku loyamba: dzina lomwe lalowamo ndilo limayamba kuyenda pakamwa pa owerenga, kaya linasankhidwa mwanzeru kaya mwamwayi. Kwa zaka 23, mpaka Benson atatulutsa mndandanda wake mu 1953, wokonda mbalame m'dziko muno ankatsegula Belcher.

Moyo wake wotsatira unali wa maudindo akuluakulu. Anali mkulu wa majaji ku Cyprus kuyambira 1927 mpaka 1930, kenaka ku Trinidad ndi Tobago mpaka 1937, komwenso ankatsogolera bwalo la apilo la zilumba za West Indies. Analandira ulemu wa Sir mu 1931. Ku Trinidad nakonso sanasiye chizolowezi chake: pamodzi ndi G. D. Smooker analemba nkhani zotsatizana za mbalame za zilumbazo m'magazini ya The Ibis pakati pa 1934 ndi 1937. Atapuma pantchito anakakhala ku Kenya, kenaka ku South Africa. Bungwe lomwe anathandiza kuyambitsa ali mnyamata linamupatsa ulemu wake wapamwamba mu 1949. Anamwalira ku Kokstad pa 7 February 1970 ali ndi zaka 93, dziko lomwe analilembera buku litasintha kale dzina kukhala Malawi.

Maina a m'nthawi yake anayamba kugwedezeka iye akadali moyo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Port Herald anakhala Nsanje, Fort Johnston anakhala Mangochi, Mlanje anakhala Mulanje ndipo Cholo anabwerera kukhala Thyolo monga eni ake ankatchulira. Mbalame ija nayo inatsatira, n'kukhala Thyolo Alethe m'mabuku ambiri a lero. Koma liwu loti choloensis silingakhudzidwe chifukwa cha lamulo lija la dzina loyamba, moti kusamva bwino kwa khutu la Mzungu kudzakhalabe m'Chilatini mpaka kalekale. Pakusintha konse komwe kwachitika pa maina a Chingerezi a mbalame za kuno, uku kuli m'gulu la kochepa komwe gwero lake linali m'Malawi mwenimweni, ndipo ngakhale apo sanali akatswiri a mbalame amene anakuyambitsa.

Kusintha kwina kunachokera kunja. Mu 2005 buku lalikulu la mbalame za kumwera kwa Africa, Roberts, linatuluka kachisanu ndi chiwiri ndi maina ambiri atsopano, pofuna kuti agwirizane ndi a maiko ena. Lourie anasanduka turaco, dikkop anasanduka thick-knee, ndipo mbalame yoimba mokoma m'bandakucha m'minda ya maluwa ya mu Blantyre, yomwe ambiri ankaidziwa kuti Heuglin's Robin, inakhala White-browed Robin-Chat. Chaka chotsatira Frank Gill ndi Minturn Wright anatulutsa mndandanda wa maina a Chingerezi a mbalame zonse za padziko lapansi, kuyesa kukhazikitsa bwalo lomwe kunalibe m'masiku a Belcher. M'zaka zaposachedwapa kabakha kakuthengo ka m'madambo monga a ku Chilwa kanachotsedwa dzina loti Hottentot Teal, chifukwa liwulo ndi lonyoza anthu a mtundu wa Khoekhoe, n'kukhala Blue-billed Teal. Ndipo pa 1 November 2023 bungwe la American Ornithological Society linalengeza kuti lichotsa maina a anthu pa mbalame za m'dera lake, kuyambira ndi mitundu ya pakati pa 70 ndi 80 ya ku United States ndi Canada.

Chigamulo cha ku America sichikhudza mbalame za ku Malawi, koma mtsutso womwe chinautsa ukufika kuno. Ofuna kusintha amati dzina lizithandiza wophunzira: White-browed Robin-Chat limauza mwana kuti ayang'ane mzere woyera pamwamba pa diso, pomwe dzina la Heuglin, Mjeremani amene anayenda kumpoto chakum'mawa kwa Africa, silimuuza kanthu. Otsutsa amati kusinthasintha kumasokoneza zolembedwa zakale, kumakalambitsa mabuku odula, ndipo kumafufuta mbiri yomwe ndi bwino kuidziwa ngakhale ili yowawa. Mbali zonse zili ndi mfundo, ngakhale kuti mfundo ya ophunzira ikuoneka yolemera kwa dziko lomwe ana ake amakumana ndi mainawa m'chinenero chachiwiri. Chodabwitsa n'chakuti ntchito yotcha mbalame maina a atsamunda siinathe. Akatswiri atagawa mtundu wina wa choso wa ku Nyika kuti uime pawokha, dzina lomwe unalandira ndi Whyte's Double-collared Sunbird, ndipo Alexander Whyte, yemwe anamwalira mu 1908, anapeza mbalame ina ali m'manda.

Belcher sanachite mwayi wotere. Mlendo wotsika ndege pa Chileka ndi buku la mbalame m'chikwama sadzapeza dzina lake pamitu ya masamba. Ilipo mbalame yotchedwa Belcher's Gull ku gombe la Peru ndi Chile, koma mwini dzinalo ndi munthu wina, Sir Edward Belcher, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, ndipo inatchedwa mu 1829, jaji wa ku Blantyre asanabadwe. Mbalame yake ya ku Thyolo akatswiri anaiphatikiza ndi zinzake za ku Tanzania ndi Kenya pansi pa dzina limodzi loti Green Barbet, ndipo belcheri linatsala ngati liwu lachitatu, dzina la nthambi chabe.

Nthambiyo inkadziwika pamalo awiri okha padziko lonse: phiri la Thyolo ndi phiri la Namuli, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Mu 2006 Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa The Birds of Malawi, buku lofotokoza mitundu pafupifupi 650, lomwe ndi mdzukulu wa buku la Belcher kudzera mwa Benson. Pofika nthawiyo nkhalango ya pa Ndirande inali itatha, ndipo ya paphiri la Thyolo inali itagwetsedwa pafupifupi yonse kuti papezeke minda ndi nkhuni. Thyolo Alethe ikupezekabe ku Mulanje ndi m'mapiri ena a ku Mozambique monga Mabu, ngakhale ili pamndandanda wa mbalame zomwe zili pachiopsezo. Koma wofuna kumva kulira kwa belcheri masiku ano amalangizidwa kuoloka malire n'kulunjika ku Gurué, m'munsi mwa Namuli, komwenso alimi a mbatatesi akulowa m'nkhalango chaka ndi chaka.